Atelala ndi Zitsime za Dziko Lopsa

Atelala a m'chipinda chakumapeto sasokanso, maso anachita chidima. Patebulo lomwe ankadulirapo nsalu pamakhala mapu omwe anajambula okha, a dziko lopeka lomwe linapsa dzuwa litagwa. Mapuwo ndi a masewera a anthu anayi: iwo amasimba nkhani, anzawo amakhala opulumuka osakasaka madzi, madayisi, timiyala ta madontho tochita kuponya, n'kumagamula wofa ndi wotsala. Amakonda kunena kuti, "Dziko likatha, m'pamene nkhani imakoma."

Koma anzawowo anatha mmodzimmodzi. Kalipentala anamwalira, dalaivala anamutsatira, mphunzitsi anatengedwa ndi ana ake kupita kutali. Loweruka lililonse atelala amakokabe mipando yonse, n'kumaponya madayisi okha.

Tsiku lina mkazi wa mwana wawo atabwera kudzasesa anawapeza akufufuta pamapu.

"Bambo, mukuwononga ntchito yanu yomwe?"

"Ndikukonza, mwanangu. Kale tinkati akufa amasanduka mizukwa yodya apaulendo. Zimenezo ndazichotsa. Tsopano akufa amalonda zitsime, kudikira anzawo."

Mayiyo anatsamira tsache. "Nanga amadikira mpaka liti?"

"Mpaka onse atafika," anayankha atelala osadzutsa mutu. "Ine ndayandikira. Utsi wa moto wawo ndikuuona kale."