Ukaima umira

Adadi, lero pochokera kusukulu ndadutsa m'paki ya ku Greenwich, ndipo padziwe pamayandama zidutswa za ayezi. Ndakumbuka zomwe munkasimba za padoko la ku Canada komwe munayambira ntchito. Munkati kuzizira kukayamba kutha, ana ankalumpha kuchoka pa chidutswa china kupita pa china, nyanja ili pansi pawo.

Tsiku lina munandionetsa kalumphidwe kake pamiyala ya m'mbali mwa mtsinje wa Thames, mudakali mu yunifomu ya kuchipatala. "Tiye, iwe! Ukaima umira!" Ine ndinangokugwirirani chikwama n'kumaonerera, inu mukuseka. Chimwalirireni inu ndakhala ndikungoonerera basi, ngakhale anzanga akandiitana. Koma lero ndatsikira kumiyala ija ndekha. Nsapato zanyowa, Adadi, koma sindinaime.