Galu pamaliro a amayi

Achemwali anga amadwala khunyu, koma mwa Amalawi onse a mu Dublin wodziwa ndinali ine ndekha. Anandilumbiritsa kuti ndikangoulula, ubale watha. Kwathu matenda amenewa amakuthawitsa anthu, ndipo kukwera ndege sikuchotsa maganizo otere m'mutu mwa munthu.

Anali ndi galu amene a bungwe lina anamutola atatayidwa, nthiti zili pamtunda, khutu limodzi lili loduka. A bungwewo anamulera n'kumuphunzitsa ntchito imodzi: akamva kuti achemwali atsala pang'ono kugwa, ankawakanda pabondo mpaka akhale pansi. Ine ndinkadana naye chifukwa cha ubweya wake pasofa, koma chibwerere iye achemwali anali asanavulalepo. Anzathu ankangoti mayiyu chizungu chamulowa, akugona ndi galu m'nyumba.

Amayi athu atamwalira ku Balaka, tinalephera kupita. Anthu anabwera kudzatipepesa kunyumba kwa achemwali ku Tyrrelstown, Loweruka masana mvula ikuwaza. Nsapato zinadzaza pakhomo. Azimayi anakhala pansi atamanga zitenje pamwamba pa majinzi, nyimbo zili mkati, galu atagona kumapazi kwa achemwali monga mwa masiku onse.

Bambo wina wachikulire wa kumpingo anaimitsa nyimbo. "Pepani anamfedwa, koma galu pamaliro ayi. Mutulutseni panja ku garden, tiwalemekeze mayi athu."

Nditangotsegula pakamwa, achemwali ananditsina pantchafu.

"Palibe vuto, abambo," anatero. Anamutulutsa okha n'kutseka chitseko chagalasi.

Tili mkati mwa pemphero galu anayamba kukanda galasilo akuuwa, mauwidwe amene ndinali ndisanawamvepo. Wopempherayo anangokweza mawu. Achemwali anamuyang'ana galuyo ndipo anamva zomwe ankanena, ine ndinaona pankhope pawo. Koma m'malo mogona pansi pomwepo, anadzuka msangamsanga kulowera kumasitepe, kuti akagwere kuchipinda kopanda maso a anthu.

Sanafikeko. Tinamva chiphokoso, ndipo tinawapeza pansi pa masitepe akuphupha, thovu lili kukamwa, magazi akutuluka pachipumi.

"Musakhudze thovulo, matendawa amapatsirana!" anakuwa mayi wina akukokera ana ake kumbuyo. Wina ankafunafuna supuni yoti awaike m'kamwa, ndinachita kumukankha. Anthu ophunzira, ena amagwira ntchito yosamalira odwala, anangoima chapatali ngati akuonera ngozi yapamsewu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Amene anaimbira ambulansi ndi mtsikana wina wobadwira konkuno. Ndiyenso anatsegula chitseko, galu n'kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, wonyowa, kukagona motsamira msana wa achemwali mpaka thupi lawo linaleka kunjenjemera.

Kuchipatala anawasoka pachipumi, ndipo phewa linali litaguluka. Atatsitsimuka sanafunse za phewalo.

"Iwe, aona onse?"

"Onse, achemwali."

Anatembenukira kukhoma.