Bulauzi yoyera ya amai Sakala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amai anayamba kunditenga pa maulendo awo a ntchito. Amai anali telala ku Petauke, ndipo sukulu zikatsekera ankanyamula makina awo opukusa ndi dzanja kupita ku Kacholola, kukasoka mayunifomu a ana a m'midzi ya kumeneko. Atate anali ku migodi, kunyumba kunalibe wotisiyira, choncho tinkapita tonse: amai, makina, ine, ndi mlongo wanga Yobe wa zaka ziwiri. M'basi makina ankakhala pamiyendo pa amai, Yobe pamiyendo panga. Pofika ku Nyimba anali atandisanzira kale kapena kundikodzera, masiku ena zonse ziwiri.

Ntchito yanga inali kulera Yobe, koma ndinene zoona, ndinali mlezi wachabechabe. Ndikangomva timiyala ta chiyato tikulira kuseri kwa nyumba, mwana ndinkamuiwala pomwepo. Wotipulumutsa anali amai Sakala, mai wamasiye amene ankatisunga m'nyumba mwawo. Iwo ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Yobe akangotsegula kukamwa, iwo ankakuwa kuti, “Bwelesa kuno mwana wangu!” Kenaka uwaone akuthamangira basi, lichero la nthochi pamutu, Yobe akugwedezeka kumsana. Popanda iwo, amai sakanasoka ngakhale kabudula mmodzi, ndipo ankanena zimenezo poyera.

Kutatsala masiku khumi kuti tibwerere, amai anandiuza kuti tiyenera kuwasiyira mphatso amai Sakala. Ine sindinachedwe. Ndinali nditaona kalilole wa maluwa ofiira m'sitolo ina ku Nyimba, ndipo mtima wanga unatsala komweko.

“Amene akumufuna kaliloleyo ndani, iwe kapena iwo?” anafunsa amai, maso ali pa nsalu. “Wagona m'nyumba mwawo masabata awili. Waonamo chiyani chimene akusowa?”

Ndinali nditaona nthochi basi, chifukwa ndinkazidya.

“Tsegula maso, utseke pakamwa. Ukaona, udzandiuze ine.”

Ndinayamba kuwayang'anitsitsa amai Sakala ngati mphaka pa una. Lachinayi masana azimai a chigwirizano anadutsa pamsewu akupita ku tchalitchi, mabulauzi oyera mbee, masiketi akuda, akuimba chapansipansi. Amai Sakala, munthu amene sankalola ngakhale njinga kudutsa osaipatsa moni, anatembenuka n'kuyamba kusanja nthochi zosanjidwa kale. Koma milomo yawo inali kutsatira nyimbo ija mpaka inathera patali. Mawa lake anandituma kuchipinda kwawo kukatenga nsalu yoberekera Yobe, ndipo pansi pa dengu la zovala ndinapeza bulauzi yoyera yopindidwa bwinobwino. Nditaitambasula, kumsana kwake kunali chibowo cha makoswe choti mutu wanga ukanalowa.

Ndinathamangira kwa amai. Anasiya kupukusa makina, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. “Lelo waona, Enelesi,” anatero. Mayo ine, mmene ndinatupira! Tsiku limenelo ndinayenda ngati mwana wa bwana.

Muyeso anautenga mobisa, ndi chikhato, pa diresi la amai Sakala lili pachingwe. Ankasoka bulauzi yatsopano masana okhaokha, mwini wake ali kumsewu, ndipo akamva mapazi ankaiphimba ndi nsalu ya yunifomu. Ine nkhaniyo inali kundiyabwa pakamwa ngati chitedze.

Lachinayi lotsatira azimai aja anaima pa malo athu ogulitsira. Mmodzi wa iwo, wamkulu ndithu, anati, “Amai Sakala, mwatitaya kodi? Mpando wanu ukuzizila.”

“Mwendo, amai. Mwendo ukundivuta,” anayankha iwo akumwetulira.

“Si mwendo ai!” ndinakuwa ine. “Bulauzi yawo inadyedwa ndi makoswe, ndinaiona ndine. Koma amai akuwasokela ina, yaulele!”

Wina anakhosomola, wina anayang'ana kumapiri ngati kuli chachilendo. Amai Sakala sanandikalipire. Anamasula nsalu pachifuwa, n'kutsitsa Yobe, n'kumuika m'manja mwanga. “Tenga mlongo wako, upite kwa amako,” anatero mofatsa. Kufatsa kumeneko kunandiwawa kuposa mbama.

Madzulo anatiikira chakudya monga mwa masiku onse, koma iwo anakadyera kukhitchini. Atatha anaima pakhomo n'kunena kuti, “Amake Enelesi, ine ndine wosauka, koma sindine wopemphetsa. Ulendo wina mufune nyumba ina.”

Ndinadikira chikwapu, ndipo ndinkachifuna, koma sichinabwere. Amai anangondiuza kuti, “Maso unatsegula bwino, mwana wanga. Koma munthu wamuvula pamsewu.” Ndinalira mpaka Yobe anayamba kundisisita kumutu. Ndinadziwa kuti ndaononga zonse: mphatso, malo ogona, ndi ntchito ya amai ku Kacholola, pakuti ndani wina akanalola kubereka mwana wa mlendo tsiku lonse?

Bulauzi inakhala masiku awiri pansi pa makina, itatha kusokedwa. M'mawa wa tsiku lonyamuka, katundu ali womanga, amai anaitenga osaikulunga, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pakamwa, ngati munthu amene ali pakati pa ntchito. Anawapeza amai Sakala akusesa pabwalo.

“Amai Sakala, ndithandizeni, ndasowa pogwila. Azimai a ku Petauke akufuna ndiwasokele mabulauzi a chigwilizano, koma kolala ikundikanika. Inu mumaidziwa. Taonani pomwe ndalakwa.”

Onse awiri ankadziwa zimene zinali kuchitika, ndipo inenso ndinkadziwa. Tsache linaima. Amai Sakala anapukuta manja pa chitenje, n'kuilandira bulauzi ija ndi nsonga za zala. Anaitembenuza uku ndi uku, nkhope ili gwa.

“Kolala iyi yakula. Ndipo batani lomaliza latsika kwambili.”

“Mwaona! Ndiye muivale kangapo, muichape, tione ngati nsalu ikubwelela. Ndidzaitenga ndikabwela.”

Amai Sakala anayang'ana Yobe amene anali kukoka tsache pansi. “Mudzabwela liti?”

“Sukulu zikatsekelanso.”

“Mubwele naye mwana wangu. Uyu,” analoza ine ndi mlomo, “mumusoke pakamwa.”

Ngati ntchito ya azimai a ku Petauke inalipodi, ine sindinaione. Chimene ndinaona n'chakuti tinabwerera ku Kacholola zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ulendo uliwonse amai Sakala ankatilandira ndi dandaulo latsopano. Mwina mkono wamanzere unali kuthina, mwina ulusi wa m'munsi unali wosalimba. Amai ankamvetsera mwaulemu, n'kukonza pang'ono, n'kuwapempha kuti apitirize kuiyesa. Lachinayi lililonse nthochi ndinkagulitsa ndine, eni ake ali ku chigwirizano. Tsiku lina m'basi ndinadandaula kuti munthuyo sananenepo zikomo ngakhale kamodzi. Amai anaseka n'kunena kuti, “Ndiye kuti yawakwana.”

Lero ndine namwino, ndipo ndimayenda m'midzi ndi ana anga awiri pamene wowasiyira wasowa. Ndalandira zabwino zambiri m'nyumba za anthu amene sangakwanitse kugula ngakhale sopo, ndipo ndaphunzira kuti kulandira kumalemera kuposa kupereka, makamaka anthu akuona. Zinanditengera zaka kuti ndivomere chimene chinandikuwitsa pamsewu paja. Sichinali chikondi chokha. Ndinkafuna azimai aja adziwe kuti amene anaona chibowocho ndine, andiyamikire, amai Sakala andithokoze pamaso pa onse. Amai anga anasoka masiku asanu, n'kudzichepetsa ngati telala wosadziwa kolala, kuti mnzawo asadzaweramitse mutu pothokoza. Ine ndinangopeza chibowo, koma ndinkafuna zikomo yense akhale wanga.