Zaka Zinayi Osathira Mchere

Likodzo silipatsirana pogonana. Mabuku a zaumoyo amanena momveka kuti tizilombo take timalowa pakhungu munthu akaponda m'madzi momwe muli nkhono za mtundu wina, ndipo timatha kukhala m'thupi zaka zambiri, n'kumaikira mazira ngakhale pakhomo la chiberekero. Mayi wotero amamva kuyabwa, kupweteka m'chinena, ndiponso amataya timagazi pa masiku osayembekezeka. Koma ku Chilobwe zizindikiro zimenezi amazipatsa dzina limodzi lokha, dzina lamanyazi. Jesinta analisenza zaka zinayi.

Iye anakulira ku Chikwawa, m'mudzi momwe ana ankachapa ndi kusamba m'mathamanda otsala Shire akaphwa. Anabwera ku Blantyre, ku Chilobwe, atakwatiwa ndi a Venansio, mnzake wa m'mudzi womwewo, amene ankakhoma ndowa ndi mbaula. Jesinta anapeza ntchito yophika m'kanyumba kodyeramo ka mayi Hajara, pafupi ndi msika wa Zingwangwa.

Kwawo anamulangiza kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa odya. Umboni wa zimenezi sindinaupeze paliponse, koma Jesinta ankasunga langizolo mosaphonya. Mimba yake yoyamba itapita padera mu 2020, timagazi tinayamba kuoneka tsiku lililonse lomwe tafuna. Poti sankadziwa ngati kumeneko n'kumwezi kapena ayi, anasankha kusamala. Ndiwo zikapsa ankaima pambali ndi supuni m'manja, n'kuitana Tatu, mnzake wophika naye.

"Achemwali, tandithirireni."

"Lerolinso? Iwe Jesinta, mwezi wa anzako umatha, wako ndi wa mtundu wanji? Kapena unagula wa chaka chonse?"

Otsuka mbale anaseka. Nthabwala imeneyi inatuluka m'khitchini, ndipo pofika ku Chilobwe sinalinso nthabwala. Tsiku lina mayi Hajara anamuitanira kuseri.

"Mwanangu, ine sindikuweruza. Koma makasitomala ayamba kufunsa kuti waphika ndani. Kapume kaye, ukachira ubwerenso."

Jesinta sanangokhala. Ndaliona buku lake lakuchipatala: katatu konse, pa kachipatala kena kolipira, anamulembera mankhwala a matenda opatsirana pogonana, ndipo katatu konse anamupatsa kapepala koitanira mwamuna wake. Koyamba a Venansio anapita mwakachetechete. Kachiwiri anang'ung'udza. Kachitatu anakaika pa tebulo n'kukatsindira ndi kapu.

"Mayi, ine mankhwala ndamwa kawiri, pomwe palibe chikundipweteka. Ndiye inu izi mukuzitola kuti?"

"Bambo, kumene ndimapita mukukudziwa: kutchalitchi ndi kumsika."

"Chimene ndikudziwa n'chakuti m'nyumba muno ndimadzithirira ndekha mchere ngati munthu wosakwatira."

Mwezi wotsatira ananyamula nyundo ndi malata awo, n'kukakhala ku Bangwe.

Kuyambira pamenepo Jesinta ankagulitsa makala pakhomo, ntchito yosafuna kugwira chakudya cha munthu. Ku mphakati wa tchalitchi chawo, amayi akamaphika pamaliro, iye ankapatsidwa zotunga madzi. Chomwe chinandidabwitsa ndi ichi: ngakhale ankadya yekha, ndiwo zake sankathirabe mchere. Akuti dzanja linali litazolowera kuima.

Mu Julayi 2024 anapita kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, akuyembekeza kumva kuti akufa. Namwino atamuyeza anafunsa funso lomwe palibe anali atamufunsapo.

"Mayi, munakulira kuti?"

"Ku Chikwawa."

"Munkasamba kuti?"

Namwinoyo anafotokoza kuti waona timadontho tachikasu tonga mchenga, tomwe nthawi zambiri timasonyeza likodzo. Anamupatsa mapiritsi omwe ana amalandira kusukulu, n'kumuchenjeza kuti mankhwalawo amapha tizilombo koma zipsera zakale sizitheratu. Analembanso zonse m'bukumo.

Jesinta sanafunse ngati adzaberekanso. Anakwera minibasi ya ku Limbe, n'kukweranso ina ya ku Bangwe, buku lili m'chikwama. Anapeza a Venansio akukhoma mbaula pansi pa mtengo. Iwo anawerenga tsambalo kawiri, akulondola ndi chala chakuda.

"Likodzo? Lomwe lija? Ifetu tonse tinkakodza magazi tili anyamata. Tinkapikisana, tinkati ndiko kukula."

"Thamanda lake ndi lomwe lija, bambo. La kuseri kwa sukulu."

"Ndiye kuti inu simuna..."

"Sindinatero."

Kumbuyo kwa a Venansio, pa chingwe, panali patayanikidwa zitenje ziwiri ndi matewera. Jesinta anaziona, ndipo sanafunse kuti n'za yani.

"Ndamva, mayi. Ndinakulakwirani."

"Ndi zokhazo ndinabwerera," anatero Jesinta, natenga buku lake.

Timagazi tinachepa pang'onopang'ono, ngakhale kupweteka kumabwerabe nthawi zina. Lachitatu, pa 14 Ogasiti 2024, Jesinta anaphika mpiru wa matimati, nathira mchere ndi dzanja lake. Akuti unachuluka, chifukwa anali ataiwala muyeso. A Venansio sanabwerere, koma anauza akuluakulu a mphakati kuti anamunamizira mkazi wawo. Pamaliro otsatira Jesinta anapatsidwa mphika wa nyemba. Ku Chilobwe akukhalabe yekha, m'nyumba yomwe ija.