Manachesi Anga ndi Belu la Pasukulu

Sukulu yathu inali pachitunda, kumapiri a ku Neno, kumene chisanu cha m'mawa chimaluma zala mpaka pensulo kukana kugwirika. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la lole, chomangiriridwa ndi waya pamtengo wa mbawa, koma likalira ankalimva ndi kutsidya kwa mtsinje komwe. Ineyo belu limenelo ndinkalifuna ndi mtima wanga wonse. Woimba belu ankatuluka m'kalasi anzake akadali kulimbana ndi masamu, ankayenda monyang'wa, ndipo sukulu yonse, ndi ahedi omwe, inkamvera dzanja lake. Koma chiyambire, aphunzitsi ankangoloza mnyamata wa thupi lalikulu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mtsikana anali asanaligwirepo.

Ndinali mu Sitandade 7 pamene zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Akuluakulu amene kale ankachita kunong'ona akamakamba zandale tsopano ankatsutsana mokweza pachigayo, ufa uli mbuu m'nsidze. Mphunzitsi wathu, a Mlongoti, anali munthu wokonda kupatuka paphunziro. Tsiku lina anasiya mitsinje ili pabolodi n'kuyamba kutisimbira za ku Amereka. Anati kumenekonso zinthu sizinayambe zili zowongoka. Poyamba ankavota ndi amuna okhaokha okhala ndi malo ndi chuma, mpaka alimi wamba ndi amisiri anadzuka n'kunena kuti nawonso ali ndi mitu. Zipani zinabadwa, zinkanyozana m'manyuzipepala, ndipo ofuna mipando ankayenda ndi nyimbo ndi ng'oma, n'kumawotchera anthu nyama kuti awasankhe.

Zaufulu zonsezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Chimene tinagwiritsa ndi nyama yowotchayo. Choncho a Mlongoti atalengeza kuti woimba belu watsopano tidzasankha tokha, tonse tinali titamvetsa kale kuti demokalase ndiye kudyetsa anthu.

Atafunsa ofuna kupikisana, ndinakweza dzanja. Wina amene anakweza anali Yusufu, mwana wa mwini golosale ya pamsika, mnyamata wa pakamwa pakuthwa amene ankatha kuseketsa ngakhale munthu wodwala dzino. Dzuwa lisanapendeke zipani zinali zitabadwa, cha Kumtunda chathu ndi cha Pamsika chawo. Mkulu wa kampeni yanga anadziika okha achimwene anga a Fanuwelo, amene Sitandade 6 inawakomera mpaka anaibwereza, n'chifukwa chake tinali kalasi imodzi.

Mayi nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mtengo wa manachesi wa kuseri kwa khola uja ndi wako, Enelesi," anatero. "Koma ukakaluza usadzandilirire."

Sabata imeneyo kalasi yathu inkanunkhira manachesi okhaokha. Makoko anali paliponse, ndipo anyamata ankafinyirana madzi ake m'maso mpaka theka la kalasi linkaoneka ngati likuchokera kumaliro. Achimwene ankasenza thumba n'kumalawa m'njira, ati kuopa kuti tingapatse anthu owawasa. Yusufu naye ankabwera ndi zinyenyeswa za mabisiketi za pansi pa katoni ndi timasiwiti tomatirirana. Anzathu ankadya kwa ine pabuleki yoyamba, kwa Yusufu pabuleki yachiwiri, ndipo aliyense ankandilumbirira kukamwa kuli kodzaza kuti iyeyo ndi wanga mpaka kalekale. Ndinawakhulupirira onse. Ndinayamba ngakhale kuyeserera kaimbidwe ka belu pa khasu lakutha kuseri kwa nyumba.

Tsiku lachisankho a Mlongoti anati mapepala oti tiwononge palibe, tichita mmene amasankhira makomiti kumudzi. Opikisana amaima kutsogolo atamangidwa m'maso, ndipo aliyense amakafola kumbuyo kwa amene akumufuna. Anatitulutsa pabwalo, n'kundimanga chitenje chonunkha utsi cha mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Mdima uja unali wautali. Ndinkamva mapazi akukhwekhwereza fumbi, kuseka kobisa, wina akukankha mnzake. Fungo la manachesi linkachokera mbali zonse, ndiye ndinalimba mtima kuti khamu lonse lili kumbuyo kwanga. Ndinaima njo, chibwano m'mwamba.

Atandimasula ndinacheuka. Mzere wa Yusufu unali utakhota mpaka kukafika pamtengo wa mbawa. Wanga unali waufupi moti mbuzi ikanaulumpha. Munali atsikana ochepa akwathu kumtunda, akuyang'ana pansi ngati olakwa ndi iwo. Pakati pa mzere wa Yusufu panali achimwene anga a Fanuwelo, akuyang'ana kumwamba ngati pali ndege ikudutsa.

Koma woyamba kumbuyo kwanga, pafupi moti ndinatsala pang'ono kumuponda, anali Asiyatu, mlongo wake wa Yusufu. Anali mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo sabata yonse ija sanabwere kudzalandira nachesi ngakhale limodzi. Ndinamufunsa monong'ona ngati wasokera mzere.

"Ayi, ndabwera dala," anayankha. "Ndimafuna ndione mtsikana akuimba belu, basi. Komanso Yusufuyu kunyumba amatisokosera kale, nanga akapatsidwa chitsulo tidzapumira kuti?"

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi ndi imene inatuluka. Zinandiwawa kwambiri, sindibisa. A Mlongoti anandigwiritsa chanza ndi Yusufu, n'kundiuza kuti ndisadandaule, chifukwa ku Amereka kuja nthawi imene ankasimba ija akazi sankaloledwa n'kuvota komwe, pamene ine ndafika poima nawo. Mawu abwino ndithu, koma tsiku limenelo sanandithandize chilichonse.

Njira yobwerera kwathu inali imodzi yokha, yokwera phiri, ndipo ndinayenera kuyenda nawo achimwene aja. Titafika pamtsinje, anakhosomola n'kuyamba kudziteteza.

"Mlongo wanga, undimvetse. Ndinaona mzere wako wafupika, ndiye ndinati banja lathu lisaluze lonse, eti?"

Sindinawalankhule mpaka Lamlungu. Lero ndi bambo wa imvi zawo, koma nthawi ya kampeni ikafika ndimawafunsabe kuti ulendo uno banja lathu aliimika mzere uti. Yusufu anaimba belu bwino, ngakhale ankakonda kuchedwetsa la buleki ikamatha, zimene palibe anadandaula nazo. Asiyatu ndiye anasanduka mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, ndipo mpaka pano ndikatsikira ku Zalewa, kumene amagulitsa nsalu, sindidutsa osakhala pabenchi lake.

Masiku ano ana a sukulu ija amasankha atsogoleri awo patimapepala topinda, ndipo mtsikana kupambana si nkhani yoti munthu n'kuimitsa njinga. Ifenso akuluakulu timalowa m'kachipinda, kuchonga mobisa, n'kutuluka ndi inki pachala, aliyense akumwetulira mnzake. Ndi bwino choncho, pakuti palibe mwana woyenera kucheuka n'kuona zimene ndinaona ine. Komabe nthawi zina ndimalisirira tsiku lija. Ndakhala ndi anthu ambiri ondiuza kuti ali nane, kuntchito, kumpingo ndi pachibale pomwe, koma ndi pabwalo lija pokha pamene ndinatembenuka n'kuona ndi maso anga amene anaimadi kumbuyo kwanga.