Ndodo ya Malizani ndi Mkono wa Wallace

Malizani Thole anabadwira kufupi ndi ku Edingeni nkhondo za Angoni zikuzilala. Pamene ankakula, mikondo inali itasomekedwa kudenga, koma ndodo ndi zishango zinali zikadali m'manja mwa amuna. Bambo ake anali Mngoni wa zipsera m'mutu. Mayi ake anali Mtumbuka wa kwa a Kumwenda, anthu amene Angoni anawapeza m'dzikomo n'kuwagonjetsa. Motero mwanayo anakula ndi aphunzitsi awiri.

Kwawo, bambo ake ankamuphunzitsa ndodo ziwiri, yotchingira kumanzere ndi yomenyera kumanja. Akapita ku Engutwini kwa amalume ake a Mateyu, amene iye ankawaitana kuti asibweni monga anenera Atumbuka, ankaphunzira kugwetsana: kugwira mnzako m'chiuno, kumupinga mwendo, kumudikira atsamire yekha kumene akagwere. Wogwetsana naye anali msuweni wake, mwana wa a Mateyu, amene anatenga dzina loti Wallace atabatizidwa ku mishoni ya ku Embangweni. Awiriwa ankagubuduzana pamchenga mpaka ng'ombe kulowa m'minda ya eni.

Tsiku lina anyamata akuyesana ndodo kuseri kwa khola, Malizani anapanikizidwa ndi mnzake wina. Anaponya ndodo pansi, n'kumulowa mnzakeyo m'chiuno, n'kumugwetsa chagada. Amuna amene ankaonerera anafa nacho chiseko. Bambo ake sanaseke.

"Dzanja logwira ndodo siligwiranso munthu," anatero akubwerera kunyumba. "Sankha chimodzi. Ukafuna zogubuduka m'fumbi, kakhale kwa akuchikazi ako."

Kunena zoona, Malizani ankadziwa kugwetsana kuposa ndodo, ndipo mtima wake unali komweko. Koma a ndodo ndiwo ankavina ingoma kutsogolo, ndiwo atsikana ankawaimbira nthungululu. Ogwetsana palibe ankawatchula. Anasankha ndodo. Ku Engutwini anayamba kupitako mwa apo ndi apo, ndipo a Mateyu akamuitanira pamchenga ankati msana ukumupweteka. Mkuluyo ankangoti, "Yewo, mphwanga," n'kusiya.

Patapita zaka zingapo, kunali ukwati m'mudzi wina pakati pa Edingeni ndi Engutwini. Ng'ombe za lobola zinali zitalowa m'khola, mowa utayenda, dzuwa lili pamutu. Anyamata anayamba kunyozana za ndodo ndi manja, ndipo wina anakuwa kuti asuweni awiriwa athetse mkanganowo. Wallace anavula malaya akuseka, n'kulowa m'bwalo chimanjamanja.

"Bwera, msuweni, ndikukumbutse kukoma kwa dothi!"

Kwa iye zinali zocheza. Koma Malizani anaona bambo ake ataima pakati pa akuluakulu, ndipo anadziwa kuti Wallace akangomufika m'chiuno, wagwa basi. Ankadziwanso malowedwe ake: amawerama, n'kutsogoza mkono wamanja. Anaphunzira limodzi zimenezo kwa mphunzitsi mmodzi. Ndiye anadikira mkonowo, ndipo utangotuluka anaumenya pachigongono ndi mphamvu zake zonse.

Kunamveka kuti thyo, ngati nkhuni youma. Wallace anakhala pansi, akuyang'ana mkono wake, kenako anayang'ana Malizani. Sanalire. Anangofunsa kuti, "A-a, msuweni, zinali zenizeni?"

Anamunyamula pamachira kupita naye ku chipatala cha mishoni. Fupa linalumikizana, koma mkonowo unauma chopindika, zala zosatha kufumbata mpini. Bambo a Malizani anatumiza ng'ombe yaikazi ku Engutwini kuti mlandu uthe. A Mateyu anaibweza tsiku lomwelo, n'kutuma mawu akuti mwana wa mlongo wawo salipa kwa iwo.

Chikhala kuti a Mateyu anamutukwana, kapena kumulanda ng'ombe khumi, mwina Malizani akanapeza pogonera. Koma anthu ankati inali ngozi ya pamasewera, ndipo ena ankamutama kuti dzanja lake ndi mphezi. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti sinali ngozi. Ndodo sanaisiye. Analibe chinanso chimene ankadziwika nacho, ndipo azungu atakhazikitsa boma ku Mzimba, amalonda ankamufuna iyeyo kuti aziwakusira ng'ombe kupita nazo kumeneko, poti akuba a m'njira ankamuopa. Koma akamva anthu akumutama, ankachoka pamalopo ngati wakumbukira china.

Mvula yoyamba ikagwa, ankanyamula khasu n'kupita ku Engutwini kukalima munda wa Wallace. Sankalonjera kwambiri, sankakhala pansi kudya. Ankalima, kubzala, kupalira, n'kubwerera. Atakwatira Towera, mkaziyo anadabwa kuona munda wawo ukubzalidwa mochedwa chaka ndi chaka, chimanga cha anzawo chili kale m'mawondo.

"Kodi ana anu adzadya chisoni?" anamufunsa tsiku lina. M'mawa mwake Malizani anapitanso.

Wallace naye sanangokhala. Poti kumigodi ya ku Halale kumene anzake ankathamangira sakanamulemba, anabwerera kusukulu ya mishoni, n'kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Anakwatira Enifa, mtsikana woimba bwino m'tchalitchi. A Mateyu anamwalira chaka cha chimfine chachikulu chija, nkhondo ya azungu itangotha, ndipo pamaliro Malizani anakumba nawo manda mpaka manja kutuluka matuza, koma m'nyumba ya siwa sanalowemo.

Chaka chotsatira, akupalira m'munda muja, Wallace anabwera n'kukhala pachulu.

"Msuweni, taimika khasulo."

Malizani anaimika.

"Amishoni akunditumiza kukaphunzitsa kumudzi wina kumalire a Kasungu. Mundawu ndaupereka kwa mlamu wanga. Ndiye usabwerenso kudzalima. Ndipo ndikuuze, wanditopetsa chomene. Zaka zonsezi ukubwera kuno nkhope ili ngati wadzera maliro. Ndikakuona, mbwenu mkono wayamba kuwawa. Ine ndinkafuna msuweni wanga woti tiziseka naye, iwe n'kumanditumizira wantchito."

"Ndinachita dala," anatero Malizani, maso ali pansi. "Ndinkadziwa kuti utsogoza mkono umenewo."

"Ukuyesa sindidziwa? Adadanso ankadziwa. Iwo ndiwo anatiphunzitsa tonse."

Malizani anadikira kuti mwina Wallace anena kuti wamukhululukira, kapena kuti sadzamukhululukira. Wallace sananene chilichonse mwa ziwirizi. Anangoti ali ndi chitseko chamatabwa chimene sakufuna kuchisiya, ndipo akusowa wochinyamula.

Malizani anachisenza pamutu ulendo wonsewo, Enifa ali patsogolo ndi mwana kumsana, Wallace akukusa mbuzi pambuyo. M'njira Wallace anayamba kusimba za ng'ombe ina yaukali imene inawathamangitsa ali ana mpaka kukwera mumtengo wa minga, ndipo Malizani anaseka chitseko chili pamutu, koma kusekako kunamuchititsa manyazi, n'kukudula msanga. Atafika anamanga nawo nyumba, n'kukhoma chitsekocho. Anaonako msuweni wake akulemba zilembo pamchenga ndi dzanja lamanzere, ana atamuzungulira, mkono wopuwalawo ataubisa m'malaya. Sanathe kuonerera nthawi yaitali.

Anakhalabe mkusa ng'ombe mpaka miyendo itayamba kukana. Kumalire kuja ankapitako nthawi ya masika, ndipo ankakhala pansi n'kudya, ngakhale kuti maso ake ankathawabe mbali ya kumanja ya msuweni wakeyo. Ana a Wallace ankamukonda poti ankawabweretsera chambiko m'chipanda cha mphonda, ndipo anakula osadziwa chifukwa chimene mlendo wawoyu ankadumphira kukanyamula chilichonse bambo awo asanachigwire. Anadzamva nkhaniyi kwa Towera, Malizani ndi Wallace atamwalira kale.