Tsiku Limene Anawavula Aphunzitsi Chigoba

Ntchito ya kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston, kuno kwa azungu, anandipezera ndi azakhali anga. Tsiku loyamba, tili m'basi, anandiuza kuti, "Iwe, mtima wakowo uzikausiya pageti. Ukandichititsa manyazi kumeneku, ndikubweza ku Mchinji pa ndege ya katundu." Iwo anali atagwirako zaka zambiri ndipo aliyense ankawalemekeza. Ine sukulu ndinaisiyira panjira nditaponya mpando. Sindinagende munthu, ndinagenda khoma, koma kuno khoma nalo lili ndi oliimira.

Miyezi isanu isanathe ndinali nditalandira makalata awiri ochenjeza. Yoyamba inali yomenya chitseko cha firiji, yachiwiri yokalipira wophika amene anapatsa gogo wina wopanda mano nyama yolimba ngati tayala. Amanijala, mayi wolankhula mofatsa ngati akukuthirira tiyi, anandiuza kuti kalata yachitatu kulibe, chotsatira ndi khomo.

M'chipinda chomaliza munkakhala mzungu wokalamba amene tonse tinkangowatchula kuti aphunzitsi. Moyo wawo wonse anaphunzitsa Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, pasukulu ina ku Leicester. Sitiroko inawakokera pansi mbali yakumanzere ya nkhope, mlomo unagwa, malovu ankatuluka okha. Chibwerere sanatulukemo m'chipindamo. Ankadya atayang'ana kukhoma, ndipo galasi analiphimba ndi thaulo.

Tsiku loyamba kuwameta ndevu, nditatukula maso ndinaona nkhope ikundiyang'ana ili pamwamba pa wadiropu. Madzi a m'beseni anatayikira pansapato zanga. Chinali chigoba chofiirira, cha mapepala omata, kukamwa kwake yasa, ndevu za ubweya. Nsidze imodzi inali m'mwamba mwaukali, inayo itagona phee.

"Usaope, sichiluma," anatero aphunzitsi. Mawu awo ankatuluka mokokeka. "Ana a sukulu anandipangira. Ndi bambo wa m'masewero a Aroma."

Sindinawauze tsiku limenelo chimene chinandidzidzimutsa. Ine ndinakulira ku Mchinji mpaka zaka khumi ndi zitatu. Kudambwe sindinalowe, za mkati sindizidziwa, koma chimene mwana aliyense amadziwa ndinkachidziwa: chigoba sichikhala poyera ngati chipewa, ndipo gule akatuluka sunena kuti muli munthu. Ndikukumbuka mlendo wina woledzera amene anangotambasula dzanja kuti akhudze nkhope ya gule pamaliro. Amayi anathawa atagwira kumaso, ng'oma zinaleka, ndipo mlendoyo sanagone m'mudzimo.

"Bwanji nsidze zake sizikugwirizana?" ndinafunsa.

"Tachitsitsa." Anachigwira ndi dzanja lawo labwino n'kuchitembenuza. "Bamboyu akakwiya, wosewera amaonetsa anthu mbali iyi. Mtima ukatsika, amatembenuka, aone iyi. Nkhope imodzi, ntchito ziwiri. Iwe ndamva kuti uli ndi mbali imodzi yokha."

"Wakuuzani ndani?"

"Firiji."

Kuyambira pamenepo kumeta ndevu kunasanduka sukulu. Lezala lili pakhosi pawo, iwo akulankhula, ine ndikuti khalani chete ndingakuchekeni. Anandiuza kuti kwa zaka zambirimbiri Aroma ankamanga bwalo la zisudzo la matabwa, chikondwerero chikatha n'kuligumula, chifukwa akuluakulu ankaopa kuti likakhala lamiyala anthu azingokhala pansi osagwira ntchito. Anandiuza kuti sewero lili mkati, munthu akangofuula kuti panja pali woyenda pachingwe, anthu ankadzuka n'kusiya osewera akulankhula ndi mipando. Izi ndinkaseka.

Zina sizinali zoseketsa. Osewera ambiri anali akapolo. Mzinda wonse unkawaombera m'manja masana, koma mwalamulo anali anthu opanda ulemu, osavota, ndipo akalakwitsa ankakwapulidwa. Tsiku lina ndikuwapukuta sopo anandiuza kuti m'zaka za pambuyo pake, sewero likafuna kuti munthu afe, nthawi zina ankatenga mkaidi woweruzidwa kuti aphedwe, kumuveka zovala za seweroli, n'kumupha zenizeni anthu akuonerera. Wina kumupachika, wina kumusiyira chilombo.

Ndinaima thaulo lili m'manja. "Mukunama."

"Ndikanakonda."

"Aroma omwewa? Amene khoma lawo lili m'tauni pafupi ndi siteji ya basi, alendo n'kumajambulitsapo?"

"Omwewo. Misewu yowongoka, mabafa otentha."

Kusukulu ankatiuza kuti awa ndi amene anabweretsa chitukuko kuno. Ndili mwana ndinkamva anthu a tchalitchi akunena gule wathu kuti ndi zamdima, koma sindinamvepo kuti munthu waphedwa pabwalo kuti sewero likome.

Koma chimene chinandikhala kwambiri ndi china. Anati anthu akaipidwa ndi wosewera, ankamukuwiza mpaka kumukakamiza kuvula chigoba pomwepo, kuti aliyense aone nkhope ya wolepherayo.

"Pamaso pa amayi ndi ana?"

"Pamaso pa mzinda wonse. Kunali gulu limodzi lokha, la anyamata a mfulu, limene lamulo linkaliteteza kuti lisavulidwe."

Apa m'pamene ndinawauza za kwathu. Anamvetsera malovu akutsika osawapukuta. Pomaliza anati, "Ndiye kuti kwanu aliyense ndi mfulu."

Nzeru yowatulutsa inali yanga, ndipo ndikuivomera. Lachitatu lililonse masana kunkakhala zosangalatsa m'chipinda chochezera, kawirikawiri bambo wina wa kiyibodi woimba nyimbo zitatu zomwezomwezo. Ndinati, "Aphunzitsi, mukavala ichi, ndani aone mlomo wanu?" Anakana milungu iwiri. Mlungu wachitatu anandituma ulusi woti tikonzere ndevu za chigobacho. Azakhali atamva anati, "Wayamba kuvinitsa azungu zinyau? Ine ndine wa chigwirizano, usandiyandikize nazo." Koma lamba womangira kumbuyo anasoka ndi iwo.

Ndinawayendetsa pa wilitcheya atavala kale chigoba, atafunda shiti ya pabedi paphewa. M'chipindamo munali okalamba ngati khumi ndi asanu, ena akugona. Aphunzitsi anayamba ndi Chingerezi, kuti ine ndine bambo amene mwana wake wawononga chuma chonse chifukwa cha mtsikana woimba zeze. Kenako analowa Chilatini. Mawu amene ankakokeka m'chipinda muja anatuluka m'kamwa mwa chigobacho ngati a munthu wina. Ankatembenuza mutu, nsidze yaukali, anthu n'kuseka; kutembenuzanso, nsidze yofatsa, akunyengerera mwana amene palibe. Gogo wina amene sankalankhula ndi aliyense anayamba kumenya supuni patebulo. Ndinali nditawaveka ndekha, komabe mumtima sindinkanena kuti ndi aphunzitsi.

Nthawi inakwana fili koloko, ola la mankhwala. Nesi wa tsiku limenelo anali wa ejensi, wobwereka, sankadziwa aliyense. Analowa ndi kangolo kake ka mankhwala, kuyang'ana pepala, kuyang'ana wilitcheya. Anadutsa pakati pa anthu, kapu ya mapilisi m'dzanja, nati, "Tiyeni tichotse kaye ichi, wokondedwa, tione nkhope yanu yokongola." Ndipo anachikweza, monga mmene umachotsera chivindikiro pa poto.

Aphunzitsi anali pakati pa mawu. Kukamwa kunatsala kotsegula, mbali imodzi ili lende, chibwano chonse chonyowa, ndevu za ubweya zitamatirira pamlomo. Anthu khumi ndi asanu akuwayang'ana. Anayesa kukweza dzanja kuti abise nkhope, koma dzanja limene linali pafupi linali lakufalo.

Sindikumbuka kuwoloka chipindacho. Ndikukumbuka dzanja la nesiyo lili m'dzanja langa, mapilisi akugubuduka pansi, ine ndikukuwa m'Chichewa mawu amene sindingawalembe pano. Ndikukumbuka azakhali ali pakhomo, akunena dzina langa kamodzi kokha, motsitsa. Ndinamusiya. Pamkono pake panatsala zala zanga zinayi.

Anandiimitsa kaye ntchito tsiku lomwelo. Tikutsika basi ku Evington, azakhali anati, "Mtsikana uja amagwira ntchito yake. Mankhwala a magazi sadikira sewero." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ukudziwa chiyani iwe? Ukanangomuuza kuti dikirani mphindi ziwiri. Pakamwa unapasiya kuti?" Zoona zake n'zakuti sindinaganize n'komwe kuti munthu angachite zimenezo. Ndinamuona akubwera, ndinaona dzanja likukwera, koma mutu wanga unkati palibe amene amagwira chigoba.

Lolemba lotsatira anandiitana ku ofesi. Amanijala anali ndi fayilo yanga, azakhali atakhala pambali manja ali pamiyendo. Ndinafotokoza za Mchinji, ndinafotokoza za Aroma, ndipo ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati wamisala. Amanijala ankagwedeza mutu mwachifundo, cholembera chili kale pamzere wosainira.

Kenako kunja kunamveka kulira kwa tayala. Ofesiyo ili kuseri kwa chipinda chochezera, palibe njira ina. Chitseko chinatseguka, ndipo anali aphunzitsi, okha pa wilitcheya, akudzikoka ndi mwendo umodzi ndi dzanja limodzi. Chigoba panalibe. Anali atadutsa pakati pa anthu onse aja, nthawi ya tiyi, nkhope ili poyera. Azakhali anaimirira osadziwa kuti aimirira.

"Ndabwera kudzanena za mnyamatayu," anatero, mawu akukokeka, malovu akugwera pa juzi. "Ku Roma sewero likalakwika ankakwapula kapolo, mwini sewero n'kupita kukadya. Sewero linali langa. Musakhale Aroma."

Amanijala anawapatsa tishu, iwo anakana. Amanijalawo anawamvetsera mpaka kumapeto, maso ali ofiira. Kenako anati, "Ndikumva, ndipo nesi uja sadzabweranso kuno. Koma mnyamatayu anagwira munthu mpaka kusiya zipsera, ali ndi machenjezo awiri. Ndikamusunga, mawa akagwira wina ndidzati chiyani?"

Anasaina. Ndinapereka baji ndi kiyi wa kabati yanga yosungiramo zovala. Chodabwitsa n'chakuti sindinamenye kanthu. Ndinawayendetsa aphunzitsi kubwerera, ndipo titafika pakati pa chipinda chochezera anati, "Ima pompa. Ndatopa, ndipo ndaona kuti kuli keke." Ndinawaika patebulo la gogo wa supuni uja. Ndinawamangira kansalu pakhosi, ntchito yanga yomaliza m'nyumbamo.

Pano ndimanyamula makatoni m'nyumba ya katundu kufupi ndi Loughborough. Makatoni sayankha, ndiye tikugwirizana. Azakhali anakhala mwezi wathunthu akundipatsa moni wa pakamwa pokha, ndipo za ndege ya katundu amazitchulabe ndikasiya mbale zosatsuka.

Loweruka ndimapita ku Wigston ngati mlendo, kusaina m'buku la pakhomo ngati wina aliyense. Aphunzitsi ndimawapeza m'chipinda chochezera. Ulendo wathawu ndinawafunsa kuti chigoba chili kuti, anati chili pawadiropu, mbali yofatsa itayang'ana kukhomo. Kenako anandigwira chibwano, kunditembenuzira uku ndi uku ngati akufuna kugula mbuzi.

"Nsidze yofatsa ija sinamerebe," anatero. "Khala pansi, ndikuuze za amene ankalipidwa kuti aziomba m'manja."